Chifundo kapena mantha? Kuyankha mayi wa ku Leeds za chiyambi cha penshoni ya okalamba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu konkuno amene akugwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Leeds ku Britain. Anandilola kuwayankha pano, bola osatchula dzina. Malonje ndadula, ndasiya pamene pali funso:

"Pali agogo ena aamuna amene ndimawasamalira, a zaka zoposa 90. Tikamacheza amakonda kunena kuti dziko lawo linayamba kupereka penshoni kwa okalamba ndi chakudya kwa ana a sukulu kalekale, nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanabuke, chifukwa atsogoleri a nthawi imeneyo anali ndi mtima wachifundo. Nditawauza zimenezi achimwene anga ku Lilongwe pa foni, iwo anati palibe boma limene linathandizapo mmphawi chifukwa cha chifundo, zonse ndi kampeni basi, ngakhale Mtukula Pakhomo yemweyu. Ndasokonezeka. Kodi anthu amenewa anayambiranji kuthandiza osauka? Zinachokera mumtima kapena panali china?"

Mayi, zikomo kwambiri. Ndinene poyambirira pamene ndaima: ndili kufupi ndi achimwene anu, koma sindikhala nawo mphasa imodzi. Anthu achifundo analipo, ena ndiwatchula mayina. Koma achifundo ku Britain analipo kuyambira kale, ndipo kwa zaka mazana chifundo chawo sichinasunthe boma. Chimene chinasintha cha m'ma 1900 n'chakuti umphawi wa wosauka unayamba kupweteka olamulira eni ake. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Kuti mumvetse chifukwa chimene agogo anuwo amayamikirira penshoni chotere, muyenera kudziwa chimene chinalipo penshoniyo isanabwere. Kuchokera mu 1601, m'nthawi ya mfumukazi Elizabeth woyamba, parishi iliyonse ku England inkasonkhetsa ndalama zothandizira amphawi a m'dera lake. Olipira msonkhowo anadandaula kuti ukukwera ndipo ukulimbikitsa ulesi, choncho mu 1834 nyumba ya malamulo inakhwimitsa zinthu. Maganizo a lamulo latsopanolo, limene Edwin Chadwick ndi Nassau Senior anathandiza kukonza, anali akuti moyo wa munthu wolandira thandizo uzikhala wowawa kuposa wa waganyu wolandira malipiro otsikitsitsa, kuti munthu aziganiza kawiri asanapemphe. Chida chake chinali nyumba ya amphawi yotchedwa workhouse. Ukalowamo, mwamuna ankagona mbali ina, mkazi mbali ina, ana kwinanso. Zovala zako ankakuvula n'kukuveka yunifomu. Ntchito inali kuphwanya miyala kapena kumasula zingwe zakale za m'sitima zapamadzi mpaka zala kutuluka magazi. Mwamuna wolandira thandizoli ankalandidwanso ufulu wovota. Mu 1845 ku Andover kunamveka nkhani yochititsa manyazi dziko lonse: amuna amene anapatsidwa ntchito yosinja mafupa opangira manyowa ankalimbirana timinofu towola totsalira pa mafupawo chifukwa cha njala.

Manyazi ake anali aakulu moti kuyambira mu 1904 akuluakulu olemba za kubadwa kwa ana analangiza kuti mwana wobadwira m'nyumbazi asamalembedwe kuti wabadwira ku workhouse, azingolemba dzina la msewu ndi nambala. Ndipo popeza inu mumagwira ntchito ndi okalamba, dziwani ichi: nyumba zambiri zoterezi zinasanduka zipatala ndi malo osungira nkhalamba, ndipo zina zinalowa m'manja mwa NHS, nthambi ya zipatala za boma ku Britain, itayamba mu 1948. Kwa zaka zambiri okalamba ena ankakana kugonekedwa m'zipatala zimenezo chifukwa ankakumbukira kuti ndi khomo limene makolo awo ankaliopa kuposa imfa. Agogo anuwo ayenera kuti anakula akumva nkhanizi pakamwa pa azigogo awo.

Tsopano tiwoloke kupita ku Germany, chifukwa kumeneko ndi kumene boma linayamba poyera, ndipo mwini wake sanabise cholinga. Otto von Bismarck, nduna yaikulu ya dzikolo, sanali bwenzi la anthu apantchito. Mu 1878, anthu atayesa kawiri kupha mfumu Wilhelm woyamba, iye anapezerapo mwayi wokhazikitsa lamulo loletsa misonkhano, nyuzipepala ndi mabungwe a chipani cha sosholizimu, ngakhale chipanicho sindicho chinatuma achiwembuwo. Koma Bismarck ankadziwa kuti chikwapu chokha sichingachotse anthu a m'mafakitale m'chipanicho. Mu November 1881 uthenga wa mfumu ku nyumba ya malamulo unalengeza kuti boma liyamba kusamala za umoyo wa apantchito. Kenako malamulo anatsatana: inshuwalansi ya matenda mu 1883, ya ngozi zapantchito mu 1884, ya ukalamba ndi kulumala mu 1889. Iye ankanena mosapsatira kuti munthu amene akuyembekezera penshoni ya boma amakhala wofatsa ndi wosavuta kumulamulira kusiyana ndi amene alibe choyembekezera. Ananenanso m'nyumba ya malamulo mu 1884 kuti pakanapanda chipani cha sosholizimu ndi anthu ochiopa, ngakhale zochepa zimene zinali zitachitikazo sizikanachitika. Kupatsa n'kuika, ndipo iye ankaika kuti adzakolole bata.

Achimwene anu akamva zimenezi anena kuti mwaona. Koma awuzeninso kuti nzeru ya Bismarck sinagwire. Apantchito analandira inshuwalansi ija n'kupitirizabe kuvotera chipani chomwe chija. Pa chisankho cha 1890 chipanicho chinapeza mavoti ochuluka kuposa china chilichonse, ndipo chaka chomwecho Bismarck anachotsedwa pa mpando. Malamulo a inshuwalansi aja anatsala.

Ku Britain nkhani ndi yopiringizika kuposa pamenepa, ndipo mbali imene imandikhudza kwambiri ndi ya anthu awiri olemera amene anaganiza zowerenga amphawi. Charles Booth anali mwini sitima zamalonda wochokera ku Liverpool, munthu wabizinesi amene sankafuna n'komwe za sosholizimu. Kuyambira mu 1886, ndi ndalama za m'thumba mwake, analemba anthu ntchito yofufuza moyo wa anthu a mu London msewu ndi msewu. Anajambula mapu opaka mitundu: misewu ya olemera mtundu wina, ya osaukitsitsa yakuda. Anapeza kuti anthu pafupifupi 30 pa 100 alionse mumzinda wolemera kwambiri pa dziko lapansi nthawi imeneyo anali pa umphawi. Anthu ena anati zimenezo ndi za London, mzinda waukulu sulephera kukhala ndi zinyalala zake. Ndiye mu 1899 Seebohm Rowntree, mwana wa banja lopanga chokoleti la mpingo wa Quaker, anachita kafukufuku mumzinda wawo wa York, osati kutali kwenikweni ndi kumene muliko. Anthu ake anayendera mabanja oposa 11,000 khomo ndi khomo. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 1901, zinali pafupifupi zomwezo: anthu pafupifupi 28 pa 100 alionse.

Chimene Rowntree anachita chinali chanzeru kwambiri. Anafunsa akatswiri a zakudya kuti thupi la munthu wogwira ntchito limafuna chakudya chochuluka bwanji kuti lisafooke, n'kuwerengera mtengo wotsikitsitsa wa chakudyacho, lendi, zovala ndi makala. Anapeza kuti bambo, mayi ndi ana atatu ankafunika masheleni 21 ndi makobiri 8 pa sabata. Muyezo umenewu anaukhwimitsa dala: munalibe nyama ya ku butchala, munalibe mowa, fodya, nyuzipepala, ngakhale sitampu yotumizira kalata kwa mwana wokhala kutali. Ankafuna kuti pasapezeke wonena kuti wawonjezera. Ndipo pakati pa mabanja amene ndalama zawo sizinkafika ngakhale pa muyezo wouma umenewu, chifukwa chachikulu, pafupifupi theka la onse, chinali chakuti bambo ali pantchito tsiku lililonse koma malipiro ndi ochepa. Zifukwa zina zinali imfa ya bambo, matenda, ukalamba ndi kukula kwa banja. Anaonetsanso kuti munthu wamba ankagwa mu umphawi katatu m'moyo wake: ali mwana, akakhala ndi ana ang'onoang'ono, ndiponso akakalamba mphamvu zitatha.

Taganizani kuti zimenezi zinatanthauzanji. Lamulo la 1834 linamangidwa pa chikhulupiriro chakuti mmphawi ndi waulesi kapena chidakwa. Apa panabwera mwana wa mwini fakitale ndi manambala osonyeza kuti munthu akhoza kudzuka m'mamawa uliwonse, kugwira ntchito mpaka kukalamba, osalawa mowa, n'kutsirizirabe ku workhouse. Ine ndimakhulupirira kuti Booth ndi Rowntree zinkawapwetekadi mumtima. Booth anatha zaka zambiri akumenyera kuti boma lizipereka penshoni kwa okalamba. Ku Bradford, pafupi ndi Leeds pomwepo, mayi Margaret McMillan ndi khansala Fred Jowett ankalimbana ndi akuluakulu a mzinda kuti ana obwera ku sukulu ndi njala azipatsidwa chakudya. Anthu amenewa palibe anganene kuti ankachita kampeni chabe. Apa agogo anu akulondola.

Koma buku silisintha lamulo. Chimene chinadzidzimutsa olamulira chinachokera kuno ku Africa. Mu 1899 Britain inayamba nkhondo ndi Mabunu ku South Africa, poganiza kuti itha m'miyezi yochepa. Inatha mu 1902, Britain itatumiza asilikali pafupifupi 450,000 kukalimbana ndi alimi ochepa kwambiri poyerekeza ndi iwo. Polemba asilikali m'mizinda ya mafakitale, madokotala ankabweza anyamata ambirimbiri: aafupi kwambiri, a zifuwa zopapatiza, mano owola, miyendo yopindika chifukwa chosowa zakudya ali ana. Mlembi wina, Arnold White, anafalitsa chiwerengero chakuti ku Manchester mwa amuna 11,000 amene anadzipereka, 8,000 anabwezedwa, ndipo chiwerengero chimenechi chinayenda m'nyuzipepala ndi m'misonkhano. Boma linakhazikitsa komiti yofufuza za kufooka kwa matupi a anthu, imene inapereka lipoti lake mu 1904. Komitiyo sinavomereze zakuti mtundu wa Angerezi ukutha mphamvu mwachibadwa. Inaloza chala pa chakudya choipa, nyumba zothithikana ndi utsi, ndipo mwa zina inalangiza kuti ana a sukulu aziyezedwa ndi madokotala ndiponso kuti osowa azidyetsedwa.

Nthawi yomweyo Germany inali itapitirira Britain pa kupanga zitsulo ndipo inali kumanga sitima zankhondo. Anthu amene sanagonepo ndi njala, amene sankakhudzidwa ndi kulira kwa mwana wa waganyu, anayamba kufunsa kuti ufumu waukulu chotere udzatetezedwa ndi ndani ngati ana a m'mizinda akukula opinimbira. Mwana uja anayamba kuoneka ngati msilikali wa mawa ndi wantchito wa m'fakitale wa mawa. Ndikudziwa kuti zimenezi n'zowawa kumva, koma ndi mmene zinalili, ndipo iwo eni ankalankhula poyera za kufunika kokhala ndi mtundu wamphamvu wotha kupikisana ndi Ajeremani.

Kenako mavoti. Malamulo a 1867 ndi 1884 anali atapereka ufulu wovota kwa amuna ambiri apantchito, ngakhale si onse, ndipo amayi analibe n'komwe. Mu 1900 mabungwe a apantchito anagwirizana zoyamba kutumiza anthu awoawo ku nyumba ya malamulo. Pa chisankho cha 1906 chipani cha Liberal chinapambana kwambiri, ndi mipando pafupifupi 400, koma gulu latsopano lija linapeza aphungu 29 n'kudzitcha chipani cha Labour. Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti a Liberal sanapambane polonjeza penshoni. Nkhani yawo yaikulu pa kampeni inali yokana msonkho pa katundu wolowa m'dziko, umene ankati ukweza mtengo wa buledi. Lamulo loyamba lenileni, lolola makhonsolo kudyetsa ana a sukulu mu 1906, analibweretsa ndi phungu wa Labour, boma n'kungolitola. Ndipo linangolola, silinakakamize, moti makhonsolo ambiri sanachite kanthu kwa zaka zingapo. Mu July 1907 a Liberal anataya mipando iwiri pa zisankho zapadera, wa Jarrow kwa munthu wa Labour ndi wa Colne Valley kwa mnyamata wa sosholizimu dzina lake Victor Grayson. Chaka chotsatira lamulo la penshoni linadutsa. Sindikunena kuti zisankho ziwirizo zokha ndizo zinabala penshoni, chifukwa Herbert Asquith, nduna ya zachuma nthawi imeneyo, anali atayamba kale kupatula ndalama zake. Koma zinawonjezera moto pansi pa mphika.

Atsogoleri awiri amene anayendetsa kwambiri zinthuzi anali David Lloyd George ndi Winston Churchill, amene nthawi imeneyo anali wa Liberal. Churchill anabadwira m'nyumba yachifumu ya Blenheim, umphawi ankauwerenga m'mabuku, ndipo buku la Rowntree analiwerengadi n'kukhudzidwa nalo. Kumapeto kwa 1908 analembera Asquith, amene tsopano anali nduna yaikulu, kumulimbikitsa kuti atengere njira ya Bismarck. Lloyd George anali wosiyana. Bambo ake anamwalira iye ali khanda, ndipo analeredwa ndi amalume ake osoka nsapato m'mudzi wa Llanystumdwy ku Wales. Ankadana ndi eni malo akuluakulu kuchokera pansi pa mtima. Mu August 1908, ali nduna ya zachuma, anapita iye mwini ku Germany kukaona mmene inshuwalansi yawo inkayendera. Munthu ameneyu mukamutsegula mumtima mupezamo zonse pamodzi: kukumbukira kumene anachokera, kufuna kutchuka, kufuna kuphwanya Labour isanakule, ndi kufuna kulanga nyumba ya Lords, momwe munkakhala anthu obadwira pa mipando. Bajeti yake ya 1909 inakweza msonkho wa olemera ndi wa malo kuti alipirire penshoni komanso sitima zankhondo, zonse m'thumba limodzi, ndipo iye anaitcha bajeti ya nkhondo yolimbana ndi umphawi. A Lords ataikana, panachitika zisankho ziwiri mu 1910, ndipo mu 1911 nyumbayo inalandidwa mphamvu yokana malamulo a zachuma.

Ine njira imene ndimaikhulupirira pofuna kudziwa cholinga cha boma si kumvera zolankhula za atsogoleri. Ndimawerenga lamulo lenilenilo, kuona amene lamulowetsa ndi amene lamusiya panja. Tengani inshuwalansi ya 1911. Mwamuna wapantchito ankadulidwa makobiri 4 pa sabata, bwana wake n'kuikapo 3, boma 2. Akadwala ankaonana ndi dokotala ulere n'kulandira masheleni 10 pa sabata kwa masabata 26. Koma mkazi wake wokhala pakhomo ndi ana ake sankaloledwa kwa dokotala uja. Chimene banja linkapeza ndi masheleni 30 mwana akabadwa. Maganizo oyamba opereka thandizo kwa akazi amasiye ndi ana amasiye anachotsedwa, makampani ogulitsa inshuwalansi ya maliro atakana poopa kuti malonda awo alowa pansi. Gawo lachiwiri la lamulolo, la anthu ochotsedwa ntchito, linakhudza ntchito zosankhidwa zokha monga zomangamanga, zopanga sitima ndi zamakina: masheleni 7 pa sabata kwa masabata osapitirira 15. Mukaona bwino, lamuloli linkakonza munthu wogwira ntchito kuti abwerere msanga ku fakitale. Likanakhala la chifundo chokha, likanayambira pa mayi wamasiye wa ana asanu.

Penshoni ya okalamba ndi imene imandivuta kuiyika m'thumba la achimwene anu, ndipo ndiyenera kuvomereza zimenezo. Munthu wa zaka 70 sagwira mfuti, sakweza phindu la fakitale, ndipo ambiri mwa olandira anali amayi, amene analibe voti. Sankafunikanso kuti akhale atasonkhapo kanthu; ndalama zinkachokera ku msonkho wa dziko. Zoona, ana awo aamuna ankavota, ndipo mabungwe a apantchito anali atafuula za penshoni kwa zaka khumi, pamene Denmark inali itayamba kale mu 1891 ndi New Zealand mu 1898. Komabe pano ndikuona kuti manyazi ndi chifundo zinagwira ntchito yaikulu kuposa pena paliponse. Ngakhale zili choncho, taonani mipanda imene anaimanga. Ambiri ankapempha zaka 65, boma linasankha 70 chifukwa cha mtengo, podziwa kuti amphawi ambiri safika kumeneko. Ndalama yake inali masheleni 5 pa sabata kwa amene ankapeza mapaundi osapitirira 21 pa chaka, n'kumachepa mpaka kutheratu kwa wopeza mapaundi oposa 31 ndi masheleni 10. Amene anakhalapo m'ndende m'zaka khumi zapitazo sankalandira. Amene akuluakulu aona kuti pa moyo wake ankazemba ntchito sankalandira. Ndipo poyamba, mpaka 1911, amene ankalandira kale thandizo la amphawi lija, ndiye kuti osaukitsitsa enieni, sankalandiranso. Mzimu wa 1834, wosiyanitsa mmphawi woyenera ndi wosayenera, unali ukadali moyo.

Koma chinthu chimodzi anachichita bwino kwambiri: ndalamayo inkaperekedwa ku positi ofesi, osati kwa akuluakulu a workhouse. Gogo ankapita ndi kabuku kake pa kauntala yomwe aliyense amagulapo sitampu, osafunsidwa mafunso onyoza, osalandidwa ulemu. Tsiku loyamba linali Lachisanu pa 1 January 1909, ndipo anthu oposa 500,000 anali atavomerezedwa. Masheleni 5 sankakwana kukhalira moyo, koma ankachititsa kuti nkhalamba ikhale ndi choika pa tebulo m'nyumba ya mwana wake m'malo mokhala mtolo wopita nawo ku workhouse.

Pali kankhani kena ka ku Ireland, komwe nthawi imeneyo kunali pansi pa Britain, kamene kamandikumbutsa kwathu. Kumeneko kulembetsa ana obadwa kunayamba mu 1864, choncho okalamba ambiri analibe chikalata chosonyeza zaka zawo. Ofufuza ena ankawafunsa ngati akukumbukira usiku wa chimphepo chachikulu chimene chinasasula nyumba mu January 1839. Wokumbukira ndiye kuti wakwanitsa zaka 70. N'chimodzimodzi azigogo athu amene ukawafunsa zaka amayankha kuti pa njala ya 49 anali atayamba kutunga madzi.

Tsopano mbali imene agogo anu mwina sanaiganizepo, ndipo si mlandu wawo. Boma lomwelo la Liberal limene linkapereka masheleni 5 ku positi ofesi ya ku Leeds ndi limene linkalamulira dziko lathu, lomwe linatchedwa Nyasaland mu 1907. Kuno kunalibe penshoni ya okalamba kapena phala la ana a sukulu lochokera ku boma. Kunali msonkho wa nyumba, wokonzedwa mwakuti wogwira ntchito mwezi kwa mzungu azilipira theka, ndipo m'minda ya azungu munali thangata. Sukulu ndi zipatala zambiri zinali za amishoni. Mtima wa nduna za ku London unali womwewo, koma makolo athu analibe voti yoopseza nayo phungu aliyense, ndipo njala yawo sinkaopseza mpando wa munthu. Mawu onena za umoyo wabwino wa anthu a m'maiko olamulidwa analowa m'dzina la lamulo la Britain mu 1940, nkhondo yachiwiri itayamba kale, pamene anapatula mapaundi 5 miliyoni pa chaka, ndipo izi zinadza pambuyo pa zipolowe za apantchito ku zilumba za Caribbean m'ma 1930 ndi sitalaka ya m'migodi ya kopa ku Northern Rhodesia mu 1935.

Ku South Africa zinaonekera poyera kuposa kwina kulikonse. Olamulira ankada nkhawa ndi azungu osauka, poopa kuti akasauka mofanana ndi anthu akuda mpanda wa tsankho ugwa. Lamulo la penshoni la 1928 linapatsa azungu ndi makaladi okha, makaladiwo ndalama yochepa. Anthu akuda anawasiya ponena kuti mwambo wawo umawasamala kumudzi. Anawalowetsa mu 1944 pa ndalama yotsika kwambiri, ndipo kufanana kunadza mu 1993. Nkhalamba yachikuda ya mu 1928 inkamva njala mofanana ndi yachizungu. Chifundo chikanakhala ndicho chikuyendetsa zinthu, sichikanaona khungu.

Pamene ndikusiyana ndi achimwene anu ndi pa mawu akuti basi. Akati zonse ndi kampeni basi, akutaya zinthu ziwiri. Akutaya anthu ngati McMillan, Booth ndi Rowntree, amene anakonza mfundo ndi umboni zaka zambiri andale asanazifune. Mantha a olamulira atafika, anapeza njira italambulidwa kale, ndipo pakanapanda iwo manthawo akanatha kubala ndende zambiri m'malo mwa chakudya cha ana. Akutayanso amphawi eni ake, amene sanangokhala kudikira kuti wina awamvere chisoni. Analowa m'mabungwe, anasonkha makobiri awo, anatumiza anzawo ku nyumba ya malamulo, mpaka olamulira anaona kuti kuwanyalanyaza kuli ndi mtengo. Ngati wandale akupereka thandizo chifukwa akufuna voti ya wosauka, ndiye kuti voti ya wosaukayo yayamba kulemera, ndipo ine sindiona choipa pamenepo. Za Mtukula Pakhomo, umene unayamba moyeserera ku Mchinji mu 2006, nkhani yake ndi ina ndipo ikufunika tsiku lakelake, koma achimwenewo akafuna kuuyeza ayambe ndi mafunso omwewa: walowa ndani, watsala panja ndani, ndalama ikuchokera kuti, ndipo wolandira akuilandira ngati ufulu wake kapena ngati mphatso ya munthu wina.

Agogo anuwo musakatsutsane nawo, mayi. Zimene amanena anazilandira kwa anthu amene anaona kusintha ndi maso awo, ndipo kwa anthuwo kunali kwenikweni. M'malo mwake mukawafunse ngati azigogo awo ankatchulapo za workhouse, ndiponso ngati akudziwa nyumba ya mumzindamo imene kale inali yotero. Mukawafunsenso za maenvelopu akhaki osungiramo mbiri ya odwala amene madokotala a ku Britain anagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri makompyuta asanabwere. Mpaka lero amatchedwa ndi dzina la Lloyd George, ndipo n'kutheka kuti mbiri ya agogowo inayambira mu envelopu yotero. Zimene akakuyankheni mudzandilembere, ndikufuna kudzazimva.